Pamimba Sipakuoneka Monga Munkayembekezera Pambuyo pa Tummy Tuck? Musathamangire Mpeni Wachiwiri

Sabata yachitatu kapena yachinayi pambuyo pa tummy tuck, opaleshoni yochotsa khungu lotsala ndi kuthinitsa pamimba, ndi imene anthu ambiri amagwa nayo mphwayi. Mapaipi otulutsa madzi m'bala achotsedwa, ululu wachepa, msana wayamba kuongoka, ndiye munthu amavula chovala chothina chija n'kuima pagalasi. Zimene akuona si zimene analipirira. M'munsi mwa mchombo mwafufuma ngati mtanda wa mandasi, pachinena patupa, chipsera ndi chakuda komanso chokwinyika, mbali ina chakwera kuposa inzake. Siketi imene ankaikwana asanapite ku opaleshoni tsopano ikukana kutseka. Ndalama zapita, tchuthi cha kuntchito chatha, ndipo ambiri sanauze ngakhale achibale kuti akukachita zimenezi, choncho alibe womudandaulira.

Mawu akuti "opaleshoni sinayende bwino" amabisa zinthu zitatu zosiyana kwambiri. Pali vuto lofuna dokotala lero lomwe. Pali thupi limene silinamalize kupola. Ndiye pali cholakwika chenicheni chimene sichidzachoka chokha. Anthu amavulala posokoneza zitatuzi: wina amakhala kunyumba akudikira ndi vuto loyenera kuthamangira nalo kuchipatala, pamene wina amakalipira mpeni wachiwiri pa kutupa kumene kukanaphwa kokha.

Kuti muzisiyanitse, muyambe mwadziwa zimene zinachitika inu muli mtulo. Pa tummy tuck yathunthu, dokotala amang'amba kuchokera pa fupa la m'chiuno mbali imodzi kukafika mbali inayo, kudutsa pamwamba pa chinena. Amadula mozungulira mchombo n'kuusiya uli pa tsinde lake. Kenako amatukula khungu pamodzi ndi mafuta ake kulichotsa pa minofu, kukwera mpaka m'munsi mwa nthiti. Ngati minofu iwiri yoongoka ya pamimba inatalikirana chifukwa cha uchembere, amaisokera pamodzi kuyambira pansi pa fupa la pachifuwa mpaka pachinena. Akatero amakokera khungu m'munsi, kudula lotsala, kuboola kabowo katsopano kotulukira mchombo, n'kusoka. Bala limene mukuliona kunja ndi kamzere chabe. Bala lenileni lili mkati, ndipo kukula kwake n'ngati thireyi.

Zosayenera kugona nazo

Magazi akamatayikira mkati, nthawi zambiri zimachitika m'maola 48 oyamba. Mbali imodzi imatupa mofulumira, imalimba, imapweteka kwambiri kuposa inzake, ndipo munthu amamva chizungulire akaimirira. Zimenezi si zodikira kuti kuche.

Bala likalowa tizilombo, mabuku ambiri amati muone ngati pafiira. Pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, ndipo ambiri amachedwa chifukwa chodikira mtundu umene sudzabwera. Inu muziyang'ana izi: malo otentha mukawagwira ndi kuseri kwa dzanja, khungu lonyezimira ndi lothina, mtundu wodera kuposa malo oyandikana nawo, ululu umene ukukula m'malo mochepa, mafinya kapena fungo, ndi kutentha thupi kofika madigiri 38.

Malo amene amakonda kuvuta ndi pakati penipeni pa chipsera, pamwamba pa chinena, kukwera chakumchombo. Khungu la pamenepo ndi limene lili kutali kwambiri ndi mitsempha ya magazi yotsala, komanso ndi limene lakokedwa kwambiri. Likayamba kufa limatuwa kapena kuda, limatuluka matuza, kenako limapanga nkhanambo yakuda yolimba. Musaimatule. Dokotala ndiye amadziwa nthawi yochotsa mnofu wakufa, ndipo bala lotere nthawi zambiri amalisiya lotsegula kuti lidzaze lokha kuchokera pansi, akumalitsuka ndi kulimanga. Zimatenga masabata ambiri, mwina miyezi. Likamapola limaoneka loopsa, koma chipsera chake chimadzakhala chaching'ono kuposa mmene balalo linalili, ndipo chikhoza kukonzedwa patsogolo.

Choopsa kuposa zonse ndi magazi oundana m'mitsempha. Mwa maopaleshoni okonza maonekedwe, tummy tuck ili m'gulu la amene ali ndi chiopsezo chachikulu cha vutoli, chifukwa pamimba pothinitsidwa pamachedwetsa magazi obwerera kuchokera m'miyendo, ndipo wodwala amayenda pang'ono, chowerama. Mwendo umodzi ukatupa kapena kupweteka kumbuyo m'munsi mwa bondo, kapena mukayamba kubanika, kumva kuwawa pachifuwa popuma, mtima kuthamanga popanda chifukwa, pitani kuchipatala chimene chili pafupi nthawi yomweyo, ndipo mukanene poyera opaleshoni imene munachita ndi tsiku lake. Manyazi asakutsekeni pakamwa. Vutoli likhoza kubwera ngakhale patapita masabata angapo, makamaka kwa amene wakwera ndege kapena basi ya ulendo wautali.

Pali china chimene si changozi chotere koma chimawononga maonekedwe chikanyalanyazidwa: madzi odzikundikira pakati pa khungu ndi minofu, amene madokotala amati seroma. Ndilo vuto lofala kwambiri pa opaleshoniyi, ndipo limakonda kuonekera mapaipi atachotsedwa. N'chifukwa chake madokotala ambiri amadikira kuti paipi itulutse madzi osafika mamililita 30 pa maola 24 asanaichotse. Kuti mudziwe, gonani chagada, ikani dzanja mbali imodzi ya potupapo, n'kugogoda pang'ono mbali inayo. Kutupa wamba sikuyenda. Seroma imagwedezeka ngati madzi a m'jumbo. Dokotala amapopa madziwo ndi jakisoni, ndipo sizipweteka kwenikweni chifukwa khungulo limakhala la dzanzi. Kawirikawiri amabwereza kangapo, kamodzi kapena kawiri pa sabata, mpaka aume. Mukawasiya miyezi, thupi limawamangira kathumba kolimba, ndipo kathumbako sikatha ndi jakisoni: pamafunika kung'ambanso kuti akachotse.

Kutupa kumene kumangofuna nthawi

Madzi a m'khungu la m'munsi mwa mchombo kale ankatsikira ku anabere a m'mphechepeche. Mpeni unadula tinjira timeneti, choncho madziwo akafika pa chipsera amaima ngati mtsinje wotsekedwa, n'kupanga kampanda pamwamba pa mzerewo. Thupi limalambula tinjira tatsopano, koma mwapang'onopang'ono. Kutupa kwakukulu kumaphwa m'miyezi 2 kapena 3 yoyamba, kotsalako kumatha pakati pa miyezi 6 ndi chaka. Chizindikiro chake n'chosavuta: m'mawa pamimba pamakhala paphwa, madzulo patupa. Pamatupanso mukayenda kwambiri, mukadya zamchere wambiri, nyengo yotentha, ndi masiku oyandikira kusamba. Chinthu chimene chimasintha pakati pa m'mawa ndi madzulo si mafuta, si khungu lotsala, si kulakwitsa kwa dokotala. Kawirikawiri ndi madzi.

Maso sakumbukira bwino, ndipo galasi la tsiku ndi tsiku limangokuzunzani. Jambulani zithunzi kamodzi pa mwezi: m'mawa musanadye, malo omwewo, kuwala komweko, foni ili pamtunda wofanana ndi mchombo, kutsogolo, m'mbali zonse ziwiri, ndi chimodzi mutawerama pang'ono. Yezani ndi tepi pa mchombo ndi pamwamba pa chipsera, mulembe pamodzi ndi kulemera kwanu. Zithunzi zimenezi zidzakutonthozani ngati zinthu zikuyenda, ndipo zidzakhala umboni wanu kwa dokotala ngati zaima.

Apa ndiime pa chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa chimachitika ndi mtima wabwino. Kwathu munthu akatupa timamuthowa ndi madzi otentha, ndipo mayi akachira amamangidwa pamimba ndi chitenje. Pa tummy tuck zonse ziwirizi zikhoza kuwononga. Khungu la pakati pa mchombo ndi chipsera silimva, mitsempha yake inaduka. Mukhoza kulitentha ndi nsalu ya madzi otentha, botolo la madzi otentha kapena mbaula, inu osamva kanthu, n'kudzaona matuza mawa lake. Khungu limeneli magazi ake ndi ochepa kale, choncho likapsa limapola movutikira ndipo limasiya chipsera choipa kuposa cha opaleshoni. Madzi oundana oikidwa mwachindunji amawononganso chimodzimodzi. Amayi anu kapena apongozi akabwera ndi beseni, afotokozereni mwaulemu kuti pamenepo sipothowa.

Chovala chothina chimavalidwa pafupifupi masabata 6, ndipo chizigwira ngati dzanja lokhazikika, osati ngati chingwe cha mtolo wa nkhuni. Ngati simungalowetse zala pansi pake, ngati chikukulepheretsani kupuma mokoka, kapena chikupindika n'kusiya mzere wakuya pakhungu, chathina kwambiri kapena si saizi yanu. Mzere umene chovala chimadinda tsiku ndi tsiku pa khungu lotupa ukhoza kukhalitsa. Malamba olimba ochepetsa chiuno amene amagulitsidwa pa Facebook si a nthawi ino. Kusisita kofewa kothandiza madzi kuyenda ena kumawapepukitsa, ngati dokotala wavomera. Koma munthu wokanda mwamphamvu, kapena wotsegula bala kuti afinye madzi, muthaweni.

Pamimba potukukabe patatha miyezi 6

Ili ndilo dandaulo lalikulu, ndipo lili ndi zifukwa zingapo zimene mankhwala ake ndi osiyana. Mukhoza kuyamba kuzisiyanitsa nokha musanapite kwa dokotala.

Imirirani, mutsine potukukapo ndi zala. Ngati mwagwira mnofu wofewa wonenepa, wa masentimita 3 kapena kuposa, amenewo ndi mafuta a pansi pa khungu. Amakonda kutsala pamwamba pa mchombo ndi m'mbali. Nthawi zambiri dokotala amawasiya dala pamwamba pa mchombo, chifukwa kupopa mafuta ambiri pa khungu limene latukulidwa kumene kumadula mitsempha yotsala n'kupha khungulo. Amenewa ndi osavuta kukonza: amapopedwa patsogolo, magazi atabwerera bwino.

Ngati khungu ndi lopyapyala koma pamimba ndi pozungulira, polimba ngati ng'oma, vuto lili kuseri kwa minofu. Mafuta okuta matumbo ndi chiwindi palibe mpeni kapena paipi yopopera imene imawafika. Amachoka pokhapokha thupi lonse likatsika. Dokotala woona mtima amanena zimenezi opaleshoni isanachitike, koma si onse amene amanena, ndipo si onse odwala amene amamva. Mukagona chagada n'kuona kuti pamimba pakadali potukuka osaphwa, kawirikawiri nkhani yake ndi imeneyi.

Kuseri kwa minofu kumabisalanso chinthu china chimene amayi akuda ayenera kuchiganizira msanga: zotupa za m'chiberekero, zija amati ma fibroid. N'zofala kwambiri mwa amayi akuda kuposa a mitundu ina, ndipo zikakula zimakankha pamimba ngati mimba ya miyezi ingapo. Ngati mumataya magazi ambiri posamba, mumakodza pafupipafupi, kapena mukumva cholimba m'munsi mwa mchombo mukagona, pitani mukajambulitse ndi ultrasound musanalankhule za opaleshoni yachiwiri. Kudzimbidwa ndi mpweya nazonso zimatukula pamimba, makamaka kwa amene akumwa mankhwala amphamvu opha ululu, monga codeine ndi tramadol.

Kuyesa kwachitatu ndi kwa minofu, ndipo muchite masabata 6 atadutsa. Gonani chagada, pindani mawondo, dzutsani mutu ngati mukufuna kuona zala za kumapazi. Ngati pakati pa pamimba patumphuka mzere ngati mzere wa mbatata, kapena zala zanu zikulowa pakati pa minofu iwiriyo, ndiye kuti ulusi wa mkati unamasuka, kapena minofuyo sinasokedwe mpaka pamwamba. Dokotala akasoka m'munsi mwa mchombo mokha, zam'mimba zimakankhikira m'mwamba ndipo pansi pa nthiti pamatukuka kuposa kale. Kachotupa kofewa kamene kamatuluka mukatsokomola n'kubwerera mukagona kakhoza kukhala hernia, kutanthauza matumbo kapena mafuta otulukira pa kampata ka minofu. Ultrasound kapena CT imasonyeza zonsezi. Hernia ikalimba, kupweteka, osabwereranso, mukusanza, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo.

Ulusi umamasuka chifukwa chiyani? Nthawi zina ndi kasokedwe, nthawi zina minofu ya munthuyo inapyapyala kwambiri, koma nthawi zambiri ndi katundu. Lamulo la masabata 6 osanyamula choposa makilogalamu 5 limamveka lopepuka m'chipinda cha dokotala. Kunyumba, ndowa ya malita 20 ikulemera makilogalamu 20. Mwana wa zaka 2 amapitirira makilogalamu 10, ndipo amalira kuti mumubereke. Kukolopa chowerama, kuchapa mabulangete, kusinja, kutsokomola kosalekeza, kudzikakamiza kuchimbudzi, zonsezi zimakoka msoko womwewo. Ngati mukadali m'masabata amenewa, pezani wokuthandizani ngakhale zitatanthauza kuulula chinsinsi chanu kwa mchemwali wanu.

M'mapeto mwa chipsera, mchombo ndi chinena

Kumapeto kwa chipsera, m'chiuno, kumatha kutsala timapiko ta khungu tosongoka. Madokotala amati dog ears, makutu a galu. Timabwera chifukwa mzere wa pamwamba wa bala umakhala wautali kuposa wa m'munsi, ndipo khungu lotsala limasonkhana kumapeto, makamaka dokotala akafupikitsa chipsera pofuna kukondweretsa wodwala. Tating'ono timaphwa tokha m'miyezi 6. Totsala timachotsedwa mosavuta, nthawi zambiri ndi jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, osagonetsa munthu. Mtengo wake ndi woti chipsera chimatalika pang'ono.

Chipsera chokwera kwambiri, choonekera pamwamba pa kabudula wamkati, n'chovuta kuposa pamenepo. Chimachitika pamene khungu lochotsedwa linali lambiri kuposa limene thupi likanapereka, ndiye msoko unakoka chinena kukwera nacho. Kuti chitsitsidwe pamafunika khungu lomasuka pamwamba pake, ndipo khungu lodulidwa silibwerera. Patatha chaka khungu limamasukako, ndipo nthawi zina dokotala amatha kuchitsitsa ndi masentimita ochepa. Wokulonjezani zoposa pamenepo asanakutsineni n'komwe, musamukhulupirire.

Mchombo umapola mochedwa ndipo umayamba ukuoneka moipa: nkhanambo, timadzi, mtundu wakuda. Vuto lenileni limene limabwera pambuyo pake ndi kufinyika, chipsera chozungulira chikamakoka mpaka bowo kutsala ngati la singano, litsiro n'kumatsekeredwa mkati n'kumanunkha. Kukangoyamba, madokotala ena amapereka kachotsekera ka silicone kovala mumchombo kwa miyezi ingapo. Kukakhazikika, amakutsegula ndi opaleshoni yaing'ono. Ngati mchombo ukuoneka kuti uli pambali, onani zithunzi zanu zakale musanakwiye, chifukwa anthu ambiri mchombo wawo sunali pakati chibadwire. Chinena ndicho chimatupa motalika kuposa malo onse poti madzi amatsikira komweko. Chikakhalabe chotukuka patatha chaka, chimapopedwa mafuta kapena kukwezedwa.

Chipsera pa khungu lakuda

Zithunzi zambiri zimene zipatala zimaonetsa ndi za khungu loyera, kapena zajambulidwa munthu atavala kabudula wobisa mzere, atakweza manja, atakoka mpweya. Chipsera chanu chidzayamba ndi kuipa chisanakongole. Pakati pa masabata 6 ndi miyezi 3 chimada, chimalimba, chimayabwa. Chimakhwima pakati pa miyezi 12 ndi 18, ndipo pa khungu lakuda mtundu woderawo umatha kuchedwa kuposa pamenepo.

Siyanitsani mitundu iwiri ya chipsera chotukuka. China chimatukuka koma chimakhala m'malire a bala, ndipo chimaphwa pang'onopang'ono. China, keloid, chimadumpha malire n'kumakula pa khungu labwino, ndipo sichibwerera chokha. Anthu akuda timagwidwa ndi keloid kwambiri, ndipo zimayenda m'magazi. Ngati munatulukapo chotupa pa khutu mutaboola ndolo, kapena chipsera cha opaleshoni yobereka chinakula, dokotala ayenera kudziwa ndipo chithandizo chiyambe msanga.

Chimene madokotala amalimbikitsa kwambiri ndi silicone, ya mapepala omata kapena yopaka. Muyambe bala litatsekeka lonse popanda nkhanambo, muvale maola osachepera 12 pa tsiku, kwa miyezi 3 kapena kuposa. Nyengo yotentha mapepalawo amayambitsa zidzolo za thukuta, choncho muziwatsuka tsiku lililonse ndi sopo wofatsa ndi kuumitsa khungu musanamate. Tepi ya pepala, monga Micropore, yomatidwa motsatira chipsera imachepetsa kukokeka m'miyezi yoyamba. Chipsera chisaone dzuwa kwa chaka. Chikapitirira kutukuka, dokotala amabaya mankhwala otchedwa triamcinolone m'chipseramo masabata 4 mpaka 6 alionse. Amagwira ntchito, koma akachuluka kapena akabayidwa mosaya amayeretsa khungu lozungulira n'kulipyapyalitsa, ndipo pa khungu lakuda banga loyeralo limaonekera patali. Wobaya akhale wozolowera khungu ngati lanu. Keloid yongodulidwa popanda chithandizo china nthawi zambiri imabwerera, mwinanso yaikulu kuposa poyamba.

Mafuta oyeretsa khungu a pamsika musawayandikize pa chipsera. Ambiri ali ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol, amene amapyapyalitsa khungu, kufutukula chipsera ndi kuchedwetsa kupola. Ngati mwakhala mukudzola mafuta otere thupi lonse kwa nthawi yaitali, muuzeni dokotala, chifukwa zimakhudza kupola ngakhalenso mankhwala ogonetsa. Mandimu, adyo ndi mankhwala otsukira mano amangotentha khungu n'kulidetsa kwambiri. Timatuza ting'onoting'ono totuluka pa mzere patatha masabata angapo, tokhala ndi kaulusi koyera pakati, ndi thupi likulavula ulusi wosungunuka. Namwino amakadula, pamapola.

Dzanzi la m'munsi mwa mchombo limachepa m'chaka choyamba kapena chachiwiri, koma kachigawo kena kakhoza kukhala kosamva mpaka kalekale. Kulasalasa ngati magetsi ndi kuyabwa kumene simungakande ndi zizindikiro za mitsempha imene ikudzuka. Chosiyana ndi ichi: kutentha kapena dzanzi kunja kwa ntchafu, kapena malo amodzi pa chipsera amene mukawakhudza ululu umathamangira m'mphechepeche. Pamenepo mtsempha ukhoza kukhala kuti unagwidwa ndi ulusi kapena chipsera. Zili ndi chithandizo, kuyambira mankhwala a ululu wa mitsempha, jakisoni, mpaka kuumasula, choncho musangopirira.

Kubwerera kwa dokotala

Yambani ndi amene anakuchitani opaleshoni, ngakhale mwamukwiyira, chifukwa ndi yekhayo amene akudziwa zimene anapeza mkati. Mawu akuti "sindikusangalala" samuthandiza. Mupite ndi zithunzi zanu za mwezi ndi mwezi, muloze ndi chala: apa patukuka, sipasintha m'mawa ndi madzulo, pakhala chonchi miyezi 3. Mufunseni kuti n'chiyani, chayamba bwanji, chidzasintha chokha kapena ayi, ndipo mudzaonanenso liti kuti mugamule. Mutenge munthu wina woti azikumverani, poti mtima ukakhala m'mwamba makutu amatseka.

Pemphani lipoti la opaleshoni lolembedwa. Lionetse ngati minofu inasokedwa, kuyambira pati mpaka pati, ndi ulusi wanji, ngati anaika neti yolimbitsa minofu, kulemera kwa khungu lochotsedwa, ndi malo amene anapopa mafuta. Dokotala wachiwiri amafunika zimenezi kuti adziwe mitsempha ya magazi imene yatsala. Ngati woyambayo akukuzembani kapena akungoti "dikirani" chaka chitadutsa, kafunseni wina, makamaka awiri. Ku South Africa mukhoza kuona pa kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala, ngati munthuyo analembetsedwa ngati katswiri wa plastic surgery, ku Britain pa kaundula wa akatswiri wa GMC, bungwe la ntchito yomweyo. Madandaulo a dokotala wa ku Malawi amapita ku Medical Council of Malawi, a ku Zambia ku Health Professions Council of Zambia. Dziwani kuti mabungwe amenewa amaweruza kunyalanyaza ndi khalidwe loipa, osati kusakhutira ndi maonekedwe, ndipo alibe mphamvu pa dokotala wa dziko lina.

Amene anakachitira kunja, ku Turkey, India kapena Johannesburg n'kubwerera kwawo, ali ndi mtolo wapadera. Dokotala wawo ali pa WhatsApp, ndipo chithunzi sichingagogode seroma. Pezani dokotala wa maopaleshoni kumene muliko woti akugwireni ndi manja. Okhala ku Britain adziwe kuti NHS, nthambi ya zipatala za boma, imathandiza pa ngozi monga tizilombo ndi magazi oundana, koma kawirikawiri sikonza maonekedwe. Ndipo pali matenda amodzi oyenera kuwadziwa dzina. Ngati patatha masabata kapena miyezi mukutuluka timabuthu tolimba pafupi ndi chipsera, tikuphulika n'kumatuluka timadzi, mankhwala wamba osagwira, funsani za Mycobacterium abscessus ndi abale ake. Tizilomboti timakhala m'madzi ndi pa zida zosatsukidwa bwino, ndipo bungwe la zaumoyo la CDC la ku America linalembapo za anthu amene anatitenga atakachita maopaleshoni otere ku Dominican Republic. Ndi pachibale ndi ka TB, koma makina oyezera TB a GeneXpert satiwona, ndipo kuyeza mafinya kwa masiku onse kumatha kutiphonya ngati labu sinauzidwe choti ifufuze. Chithandizo chake ndi mankhwala angapo kwa miyezi yambiri.

Opaleshoni yachiwiri

Kupatula ngozi zija, madokotala osamala sakhudzanso pamimba miyezi 6 isanakwane, ndipo ambiri amadikira chaka. Sikuti akukuzengerezani. Mnofu wotupa ndi wolimba sugwira ulusi bwino, magazi amakhala asanabwerere, ndipo wodula pa thupi lotupa sadziwa chimene chidzatsale madzi akaphwa.

Nthawi yodikirayi ili ndi ntchito yake. Thupi likhazikike pa kulemera kumodzi kwa miyezi 6. Fodya wa mtundu uliwonse, wosuta, wa m'mphuno, wa vape, ngakhale zomata za nicotine, asiyidwe masabata osachepera 4 opaleshoni isanachitike ndi 4 pambuyo pake, chifukwa nicotine amafinya timitsempha tomwe tikusunga khungu lamoyo. Wodwala shuga ayezetse HbA1c, muyezo wosonyeza mmene shuga wakhalira m'magazi miyezi yapitayi. Yezetsani kuchuluka kwa magazi, poti amayi ambiri amalowa m'opaleshoni ali operewera kale, makamaka a ma fibroid aja. Idyani zomanga thupi pa chakudya chilichonse: mazira, usipa, nyemba, soya, nkhuku, mtedza. Amene ali pa ma ARV apitirize kumwa mosadumphitsa ndipo dokotala adziwe. Ngati mukufunabe mwana wina, dikirani, chifukwa pakati padzatambasulanso khungu ndi msoko wa minofu.

Funsani za ndalama polemba. Madokotala ena sakulipiritsani ntchito ya manja awo pokonza zing'onozing'ono m'chaka choyamba, koma chipinda cha opaleshoni ndi dokotala wogonetsa mumalipira nokha, ndipo ma medical aid ambiri sakhudza za maonekedwe. Funsaninso funso limene anthu amaliopa: kodi chikhoza kuipiraipira n'chiyani? Opaleshoni yachiwiri imadutsa m'zipsera, pa khungu la magazi ochepa. Makutu a galu, mafuta otsala ndi mchombo wofinyika zimakonzeka bwino. Chipsera chokwera, khungu lochotsedwa mopitirira ndi mikwingwirima ya uchembere imene inali pamwamba pa mchombo, imene tsopano yangotsikira m'munsi, zimasintha pang'ono kapena osasintha n'komwe.

Za mumtima nazo si zongopeka. Kulira, kudandaula kuti "ndinadzichitiranji zimenezi", kusowa tulo m'masabata oyamba, zimagwira anthu ambiri, ngakhale amene zotsatira zawo zidzakhale zabwino. Mankhwala, ululu, kugona chokhala ndi kudalira ena zimafooketsa mtima. Koma chisoni chikapitirira masabata 2 osakupatsani mpata, mwasiya kudya kapena kutuluka m'nyumba, kapena mukuganiza zodzivulaza, uzani dokotala kapena mlangizi mwamsanga. Ndipo ngati madokotala awiri kapena atatu akuti pamimba pali bwino koma inu mukutha maola pagalasi tsiku lililonse, pali matenda odziwika otchedwa body dysmorphic disorder, amene munthu amaona chilema chachikulu pamene ena sakuona kanthu. Amachizika ndi uphungu ndi mankhwala, ndipo opaleshoni ina nthawi zambiri siwathetsa. Dokotala amene angakufunseni za zimenezi asanatchule mtengo sakukunyozani, ndipo ameneyo ndi amene mungamupatse pamimba panu kachiwiri ngati pangafunikedi kutero.